Za Chitupa cha Amisiri Okakhala ku Midzi ya ku Australia



Masiku ano mbiri ya maiko akutali ifika msanga pakhomo. Mnyamata amene anaphunzira za magetsi, kapena mtsikana amene anatsiriza maphunziro a unamwino, angotsegula foni yake madzulo, naona kuti dziko la Australia liri kufuna amisiri, ndi kuti wobvomera kukakhala kutali ndi mizinda ikuluikulu alandira chitupa choloweramo pamodzi ndi banja lake. M'mawa mwake nkhaniyo yafika kwa atate ndi amai, kenaka kwa malume, ndipo posachedwa ayamba kuwerenga ng'ombe za m'khola ndi kufunsa mtengo wa dimba. Chifukwa cha ichi taganiza kuti mwezi uno tikufotokozereni za chitupa chimenechi, chimene eni ake achitcha viza, kuti nkhani yotere ikafika kwanu muikambe mukudziwa mutu wake ndi mchira wake. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Mau athu akulu ndi awa: viza imeneyi ndi pangano la mbali ziwiri. Boma la Australia lilonjeza mmisiri malo okhazikika m'dzikomo, ndipo mmisiri alonjeza kukhala ndi kugwira nchito zaka 3 kumadera kumene anthu achepa. Pangano lotere siligulidwa ndi ndalama, ndipo liri ndi zokoma zake ndi zowawa zake, zimene banja lonse liyenera kuzidziwa mwana asanayambe ulendo.

Dziko lalikulu, anthu ounjikana

Australia ndi dziko lozingidwa ndi madzi mbali zonse, ku tsidya la kum'mawa kwa Nyanja ya India. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 7.7 miliyoni, ndiye kuti maiko 65 olingana ndi Malawi akhoza kulowamo. Koma anthu ake m'chaka cha 2024 anali ngati 27 miliyoni okha, ndipo pafupifupi theka la iwo aunjikana m'mizinda itatu ya m'mbali mwa nyanja, ndiyo Sydney, Melbourne ndi Brisbane. Kwina konseko anthu akhala patalipatali, pakati pa minda ya tirigu, mabusa a nkhosa ndi ng'ombe, migodi ndi chipululu. Mitunda ya kumeneko njodabwitsa, kotero kuti m'chaka cha 1928 mbusa wina, John Flynn, anayambitsa ku Cloncurry nchito ya madokotala oyenda pa ndege, ndipo mu 1951 ku Alice Springs anatsegula sukulu yophunzitsa ana pa wailesi, popeza ana ena sakadatha kufika ku sukulu iri yonse ndi miyendo.

Bvuto la midzi ya kumeneko ndi lomwe ifenso tilidziwa. Achinyamata akatha sukulu apita ku mzinda, osabweranso, otsala akalamba, chipatala chisowa namwino, galaji isowa makaniko, sukulu isowa mphunzitsi. Alendo naonso akalowa m'dzikomo athamangira ku Sydney ndi ku Melbourne kumene kuli abale ao, ndipo kumeneko nyumba zikwera mtengo, miseu nidzaza. Tsono Boma linaganiza zotsegula khomo lapadera kwa amisiri amene abvomera kukakhala kumene asowa anthu.

Koma pakumva mau akuti ku midzi musaganize za nyumba zofolera ndi udzu iai. Pa lamulo la viza imeneyi, kuyambira November 2019 malo onse a m'dzikomo awerengedwa ngati madera a kunja kwa mizinda, kupatula Sydney, Melbourne ndi Brisbane basi. Motero Perth, mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni, uli m'gulu lomweli, pamodzi ndi Adelaide, Hobart, Darwin ndi Canberra, likulu lenileni la dzikolo. Wina akhoza kupezeka mu mzinda waukulu wa mabasi ndi zipatala zambiri, mnzake napezeka pa kamudzi ka anthu 500 pakati pa minda.

Nzeru imeneyi njakale

Kuti timvetse bwino, tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu 1901 Australia inakhazikitsa lamulo lotsekera kunja anthu amene sanali Azungu. Mlendo wosafunidwa anali kumuwerengera mau 50 m'chinenero chiri chonse cha ku Ulaya chimene wa Boma wasankha, kuti awalembe, ndipo akalephera anali kumubweza. Mayeso amenewa anathetsedwa mu 1958, ndipo tsankho la khungu pa nkhani yolowa m'dzikomo linafafanizidwa konse mu 1973, pa nthawi ya boma la Gough Whitlam. Kuyambira pamenepo munthu wa ku Afrika ayesedwa ndi muyeso womwewo umene ayesera anthu onse.

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Australia inaona kuti anthu ake achepa. Mu 1945 inasankha nduna yoyamba yoyang'anira za alendo, Arthur Calwell, ndipo kuyambira 1947 inalandira anthu ngati 170,000 amene nkhondo inawasandutsa osowa kwao ku Ulaya. Ali yense wa iwo anasaina pangano la kugwira nchito zaka 2 kuli konse kumene Boma limtuma. Ambiri anayamba afikira ku msasa wa Bonegilla, umene pakati pa 1947 ndi 1971 unalandira alendo oposa 300,000. Ena anatumizidwa ku njanji, ena ku minda ya nzimbe, ena ku mapiri a Snowy Mountains, kumene kuyambira 1949 kufikira 1974 anthu oposa 100,000 ochokera ku maiko oposa 30 anamanga madamu akulu 16 a magetsi ndi ulimi wothirira. Masiku amenewo mabanja ambiri analekanitsidwa: mwamuna ku nchito, mkazi ndi ana ku msasa.

Agogo athu amene anapita ku Joni ndi Wenela, kapena ku Halale ndi Mthandizi, adziwa bwino pangano lomanga munthu ku malo ndi ku nchito. Koma taonani kusiyana kwake. Wenela anafuna mikono ya mwamuna yekha kwa miyezi yowerengeka, nambwezera kwao. Viza ya lero ya ku Australia ifuna luso lotsimikizika, ilola banja kutsagana naye mwini luso, ndipo cholinga chake ndi chakuti banjalo likhazikike komweko. Wopita ndi viza iyi apita kukamanga mudzi watsopano.

Zitupa zitatu ndi manambala ao

Zitupa za ku Australia zidziwika ndi manambala. Pa 16 November 2019 Boma linayambitsa ziwiri zatsopano, ndizo 491 ndi 494, m'malo mwa zakale za 489 ndi 187. Zonse ziwiri zikhala zaka 5, ndipo zilola munthu kukhala, kugwira nchito ndi kuphunzira kumadera amene tatchula aja, ndi kulandira chithandizo cha zipatala za Boma chotchedwa Medicare.

Viza ya 491 njya munthu amene waitanidwa ndi boma la chigawo. Dzikolo liri ndi zigawo 8, chiri chonse ndi boma lake, ndipo chigawo chiri chonse chisankha maluso amene chiri kuwasowa. Njira ina ya viza yomweyi ndi kuimiridwa ndi mbale wakutha msinkhu amene ali nzika kapena wokhazikika kale kumadera omwewo: kholo, mwana, mbale wa bere limodzi, mlongo, malume, azakhali, agogo kapena msuweni.

Viza ya 494 njya munthu amene wolemba nchito wa kumaderako wamsankha. Wolemba nchitoyo ayenera kuyamba waonetsa kuti anafunafuna munthu wa m'dziko momwemo, osampeza, ndipo mmisiriyo akhale atagwira kale nchito yake zaka 3. Malipiro asachepere pa amene mwini dziko alandira pa nchito yomweyo, ndiponso asatsike pa muyeso umene Boma liika. Muyesowo unali madola a ku Australia 53,900 pa chaka kwa zaka zambiri. Mu July 2023 unakwera kufika 70,000, mu July 2024 unafika 73,150, ndipo mu July 2025 unafika 76,515. Kuyambira July 2024 munthu amene nchito yamthera, kapena amene wachoka kwa bwana wankhanza, apatsidwa masiku 180 kuti apeze wolemba nchito wina.

Chitupa chachitatu, cha 191, ndicho mphotho ya pangano lonse. Chinayamba pa 16 November 2022, ndipo chipatsidwa kwa munthu amene wasunga viza ya 491 kapena 494 kwa zaka 3, natsata malamulo ake, naonetsa makalata a msonkho a zaka zitatuzo. Wolandira 191 akhala wokhazikika, akhoza kusamukira kuli konse kumene afuna, ndipo atakhala m'dzikomo zaka 4, chimodzi mwa izo ali wokhazikika, aloledwa kupempha unzika.

Za kuyesa luso ndi kuwerenga mapointi

Munthu sanganene ndi pakamwa pokha kuti ine ndine mmisiri. Luso lake liyenera kukhala pa mndandanda wa nchito zimene Boma lasindikiza, ndipo liyesedwe ndi bungwe loyenera la ku Australia. Anamwino ndi azamba ayesedwa ndi ANMAC, ndipo asanagwire wodwala ayenera kulembetsa ku AHPRA. Mainjiniya ayesedwa ndi Engineers Australia, aphunzitsi ndi AITSL, ndipo amisiri a manja, monga owotcherera, akalipentala ndi amakaniko, makamaka ndi Trades Recognition Australia. Mabungwe amenewa afuna masatifiketi a sukulu, makalata a mabwana akale onena nchito yeniyeni imene munthu anaigwira, ndi umboni wa malipiro. Apa ndi pamene amisiri ambiri aluso agwa, pakuti anaphunzira nchito pa galaji ya malume, nagwira zaka 10 wopanda pepala ndi limodzi lomwe. Wopempha akhalenso wosafika zaka 45, ndipo akhoze mayeso a Chingerezi, monga a IELTS, ndi 6 pa kumva, pa kuwerenga, pa kulemba ndi pa kulankhula.

Pa viza ya 491 pali kuwerenganso mapointi, ndipo ochepetsetsa ndi 65. Wa zaka 25 kufikira 32 alandira 30. Wa zaka 18 kufikira 24, ndiponso wa 33 kufikira 39, alandira 25. Wa zaka 40 kufikira 44 alandira 15. Digiri ipatsa 15, dipuloma kapena satifiketi ya umisiri yobvomerezedwa ipatsa 10. Zaka 3 za nchito kunja kwa Australia zipatsa 5, zaka 5 zipatsa 10, zaka 8 zipatsa 15. Chingerezi cha 6 chija chingotsegula khomo, osapatsa kanthu. Cha 7 chipatsa 10, cha 8 chipatsa 20. Wosakwatira alandira 10, wokwatira amene mnzake akhoza Chingerezi alandira 5, ndipo kuitanidwa ndi chigawo kapena kuimiridwa ndi mbale kuonjezera 15.

Tiyerekeze mmisiri wa magetsi wa zaka 30, amene wagwira nchito zaka 5, wakhoza Chingerezi ndi 6, ndipo mkazi wake sanalembe mayeso. Msinkhu umpatsa 30, satifiketi 10, nchito 10, chigawo 15: onse pamodzi 65. Wafika pakhomo penipeni, koma kufika pa 65 sindiko kulowa iai. Munthu alemba dzina lake ndi mapointi ake pa intaneti m'kaundula wa Boma wotchedwa SkillSelect, nadikira. Malo a chaka chiri chonse ngowerengeka, ndipo zigawo zisankha amene luso lao liri kusoweka kwambiri ndi amene mapointi ao achuluka. Ena adikira kufikira msinkhu uwapitirira. Woitanidwa apatsidwa masiku 60 kuti apereke pempho lake lonse, pamodzi ndi kuyesedwa m'thupi, kujambulidwa m'chifuwa chifukwa cha TB, ndi makalata a polisi a dziko liri lonse limene anakhalamo miyezi 12 pa zaka 10 zapitazo.

Ndalama zake nazonso sizichepa. M'chaka cha 2024 wopempha viza ya 491 anali kulipira madola 4,770, mnzake wa m'banja theka lake, ndi mwana ali yense ngati gawo limodzi la magawo anai. Wamkulu wotsagana naye amene sadziwa Chingerezi chokwanira alipiritsidwa ena pafupifupi 4,900. Pamwamba pa izi pali mayeso, kuyesa luso, dokotala, ndege, ndi chakudya cha miyezi yoyamba. Pempho likakanidwa, ndalama za Boma sizibwezedwa.

Chingwe cha panganoli

Wolandira viza iyi amangidwa ndi lamulo lakuti akhale, agwire nchito ndi kuphunzira kumadera obvomerezedwa okha, ndipo lamuloli ligwira a m'banja lake onse. Mkazi sangakagwire nchito ku Sydney mwamuna ali ku midzi, ndipo mwana sangakalowe sukulu ya ku Melbourne. Kukacheza kuloledwa, kusamuka ndiko koletsedwa. Akasintha nyumba kapena nchito ayenera kudziwitsa Boma asanathe masiku 14, ndipo Boma likafunsa umboni wa kumene akhala aupereke asanathe masiku 28. Pa zaka 3 zoyambazo saloledwa kulumphira ku zitupa zina zambiri za kukhazikika. Wophwanya malamulo amenewa viza yake ikhoza kufafanizidwa, ndipo thukuta lonse la banja lipita pachabe. Walira mvula walira matope.

Apite ndani, atsale ndani

Pano, inu makolo, tcherani khutu, pakuti mau akuti banja kwa eni lamulo ili ngopapatiza kuposa m'mene ife tiwamvera. Viza itenga mwini luso, mwamuna kapena mkazi wake mmodzi, ndi ana ao osafika zaka 18, kapena osafika 23 ngati akali kudalira makolo. Ukwati ufuna umboni wolembedwa, ndipo mwana ali yense afuna kalata yake ya kubadwa. Mwana wamasiye wa mchemwali amene akulira m'nyumbamo, ngakhale adya mbale imodzi ndi anzake, sawerengedwa pokhapokha atalembedwa mwa lamulo kuti ndi mwana wa banjalo. Achimwene, adzukulu ndi apongozi sali m'gulumo.

Atate ndi amai okalamba naonso atsala. Zitupa za makolo ziripo, koma choyamba chifuna kuti theka la ana ao, kapena unyinji wao, akhale okhazikika ku Australia. Ndipo cha mtengo wotsika chiri ndi mzera wa zaka ngati 30, pamene chofulumirako chifuna madola zikwi makumi angapo. Kholo likhoza kukacheza ndi chitupa cha alendo, nkubwerera. Motero banja limene liri kukondwera kuti mwana wapeza mwai lidzifunsenso: nanga agogo akadwala adzawatengera ku chipatala ndani? Munda adzalima ndani? Adzukulu obadwira kumeneko adzalankhula nao chinenero chanji? Mafunso amenewa sitiwafunsa kuti tiletse ulendo, koma kuti ayankhidwe pa mphasa, onse ali pamodzi, kuti dzina la machona lisabwererenso pakati pathu.

Midzi iwiri, maphunziro awiri

Kodi mlendo akhoza kukhazikika pa mudzi waung'ono wa ku Australia? Tikuuzani za midzi iwiri. Anthu a m'nkhani izi anali othawa nkhondo, osati a viza ya amisiri, koma zimene anakumana nazo ziphunzitsa ali yense wopita kumaderako.

Nhill ndi tauni ya anthu ngati 2,000 m'chigawo cha Victoria, pakati pa njira ya ku Melbourne ndi ku Adelaide. Kampani ya abakha ya kumeneko, Luv-a-Duck, inasowa anchito, ndipo kuyambira 2010 inaitana anthu a mtundu wa Karen ochokera ku Myanmar. Eni mudzi anawakonzera nyumba, nawaphunzitsa Chingerezi ndi makhalidwe a kumeneko. Pofika 2015 a Karen anali ngati 160, ndipo kafukufuku wa chaka chimenecho anapeza kuti kubwera kwao kunabala nchito ngati 70 ndi chuma cha madola 41.5 miliyoni m'deralo. Mlendo anadzadi ndi kalumo kakuthwa.

Mingoola ndi kamudzi ka alimi pa malire a New South Wales ndi Queensland, kamene sukulu yake inali kutha chifukwa cha kusowa ana. Mu 2016 kunafika mabanja ochepa ochokera ku maiko a nyanja zazikulu za pakati pa Afrika, alimi enieni amene moyo wa mu mzinda unawatopetsa. Sukulu inadzukanso, minda inalimidwa, ndipo mbiri yake inamveka dziko lonse. Koma chilala chachikulu chinadza, nchito za m'minda zinatha, ndipo pofika 2019 mabanjawo anayamba kuchoka.

Ku Nhill kunali nchito ya chaka chonse ndi gulu la anthu a chinenero chimodzi otonthozana. Ku Mingoola kunali chikondi chambiri, koma nchito inadalira mvula. Tsono wopita afunsiretu za malo amene amuitanirako: kodi nyumba ya lendi ipezeka, ndipo njya ndalama zingati? Kodi mnzake wa m'banja adzapeza nchito? Chipatala ndi sukulu ziri pa mtunda wotani? Kodi angakhale wopanda galimoto? Nchito imeneyi ikatha, ina iri pafupi? Malipiro a madola amveka akulu tikawasintha m'makwacha, koma lendi, msonkho ndi chakudya zilipidwanso m'madola omwewo.

Chenjerani ndi atambwali

Pamene pali njala ya ulendo, atambwali sasowa. Adza ndi makalata a zidindo zokongola pa WhatsApp ndi pa Facebook, nalonjeza nchito ndi viza m'masabata awiri, ngati mutumiza ndalama lero lomwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziwani kuti kuyambira December 2015 lamulo la Australia liletsa kupempha, kulandira kapena kupereka ndalama kuti munthu aimiridwe ndi wolemba nchito. Wolandira alakwa, woperekanso alakwa, ndipo viza yake ikhoza kufafanizidwa. Ndalama zimene Boma lilipiritsa wolemba nchito pa kuitana mmisiri nzake za iye mwini, ndipo saloledwa kuzidula pa malipiro a wanchito.

Palibe munthu angatsimikize viza, popeza woweruza ndi Boma lokha, kudzera mu unduna wake wa Home Affairs. Munthu akhoza kupempha yekha pa intaneti popanda mkhalapakati. Wofuna thandizo afune nkhoswe yolembedwa m'kaundula wa ofesi yotchedwa OMARA. Ali yense wolembedwamo ali ndi nambala yake, ndipo kaundulayo aoneka kwa onse. Wokana kutchula nambala yake, kapena wofuna kuti ndalama zipite pa foni ya munthu wamba, mtsanzikeni msanga. Ndipo wina akakuuzani kuti akonza satifiketi kapena aonjezera zaka za nchito pa kalata, kanani. Chikalata chonama chikapezeka, pempho likanidwa ndipo khomo litsekedwa zaka 3. Chinyengo chikakhala pa dzina ndi umwini wa munthu, zaka 10.

Mau kwa anamwino ndi madokotala

Pa maluso onse amene midzi ya ku Australia iwafuna, a zaumoyo ali patsogolo. Ndipo ndi omwewo amene zipatala za kwathu ziwasowa koposa. Mu 2010 maiko a m'bungwe la zaumoyo la WHO anagwirizana za makhalidwe oyenera polemba anchito a zaumoyo a maiko ena, ndipo mu 2023 bungwelo linatulutsa mndandanda wa maiko 55 amene anchito ao a zaumoyo achepa kwambiri. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali m'menemo. Mgwirizanowu upempha kuti maiko olemera asadze kudzakopa anchito m'maiko amenewa, koma suletsa munthu kupempha yekha mwa kufuna kwake. Ufulu ulipo ndithu, ndipo sitiweruza wopita, pakuti wanchito ayenera malipiro okwanira kulera ana ake. Tingoti amene anaphunzira ndi ndalama za Boma kapena za chipatala, nalonjeza kutumikira zaka zakutizakuti, ayambe wakwaniritsa lonjezo lakelo. Wosunga pangano kwao adzasunganso pangano kwa eni.

Uphungu wathu kwa mabanja

Mwana akadza ndi nkhani imeneyi, mkhazikeni pansi ndi kumfunsa mofatsa. Viza yake ndi nambala yanji? Luso lake liri pa mndandanda? Bungwe liti lidzaliyesa? Mapointi ake ndi angati? Wamuitana ndi chigawo, mbale kapena wolemba nchito, ndipo kalata yake iri kuti? Ndalama ziri kupita kwa yani? Woyankha mafunso awa momveka ali pa njira yeniyeni. Wosatha kuyankha asanyozedwe, athandizidwe kufufuza. Ndipo ndalama zilipidwe pang'onopang'ono monga mwa masitepe ake: poyamba mayeso a Chingerezi, kenaka kuyesa luso, ndipo ndalama zazikulu za viza pokhapokha kuitana kwa Boma kutafika. Munda ndi ng'ombe zisagulitsidwe chifukwa cha lonjezo la pa foni, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kwa inu achinyamata amene mukali pa sukulu kapena pa nchito yoyamba, tikuuzani kuti njira imeneyi iyambira pomwe mulipo. Tsirizani maphunziro, lembani mayeso a umisiri wanu, sungani masatifiketi, makalata a nchito ndi mapepala a malipiro, limbikirani Chingerezi, lembetsani ukwati ndi kubadwa kwa ana. Malamulo a viza asintha kawirikawiri, makamaka mwezi wa July, choncho werengani a chaka chimenecho kwa eni ake. Mukapita, mudzapita ndi mutu woweramuka. Mukatsala, luso lomwelo ndi mapepala omwewo adzakudyetsani kuno kwanu. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsalani ndi mtendere m'nyumba zanu zonse, kufikira mwezi wa mawa.